Dimba la Sukulu ndi Mwana Wosagonja

Nkhani yokambidwa pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi pa sukulu ya sekondale yoyendera

Ndikudziwa kuti ena mwasiya khasu kumunda, ena mwatseka okala kuti mufike kuno, choncho ndiyesetsa kuti ulendo wanu usapite pachabe.

Pondiitana, a Mphunzitsi Wamkulu adandiuza dandaulo lanu. Akuti ana a masiku ano sachedwa kugwa mphwayi. Mwana akalephera mayeso a teremu imodzi, basi, akuti sukulu yamukanika. Akapatsidwa samu yovuta, amaiyang'ana kamodzi n'kutseka kope. Dandaulo limeneli ndalimva m'malo ambiri, ndipo mankhwala amene timathamangira ndi amodzimodzi: malangizo. Timawafoletsa pa asembule n'kuwauza kuti limbikirani, pirirani, musafooke. Mawuwo ndi abwino ndithu. Koma ine ndaphunzitsa za ulimi mpaka imvi mukuzionazi, ndipo sindidakumanepo ndi mwana amene adalimba mtima chifukwa chongomva mawu akuti "pirira". Kupirira kumalowa mwa mwana kudzera m'ntchito imene wagwira ndi manja ake, yamukanika, n'kuibwereza. Ndibwerezenso, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pamenepa: kupirira kumalowa kudzera m'ntchito imene mwana wagwira yekha, yamukanika, n'kuibwereza.

Ndikamba zambiri za dimba la sukulu chifukwa ndi limene ndimalidziwa bwino, ngakhale zomwezi mungazipeze m'kalasi ya ukalipentala, ya zosokasoka, ya zophikaphika kapena ya zitsulo. Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, ntchito ya manja imamuuza mwana zoona. Yachiwiri, imamulola kuyambiranso. Yachitatu, imamuphunzitsa kudikira ndi kulandira zovuta zimene sadaziputa. Yachinayi, imene ndi yowawa, ndi ya mmene ife akuluakulu timaonongera phunziro limeneli ndi manja athu omwe.

Mfundo yoyamba: ntchito ya manja imamuuza mwana zoona.

Taganizani za mwana amene walemba chimangirizo. Kope lake lapita pa mulu wa makope ena, ndipo mphunzitsi mmodzi ali ndi makalasi angapo oti achonge. Kopelo likamabwerera, mwanayo waiwala kale zomwe adalemba. Akutsegula, apeza 4 pa 20 ndi mzere wofiira. Kodi aganiza chiyani? Kawirikawiri amaganiza chimodzi mwa ziwiri: "aphunzitsi aja amandida," kapena "ine ndine mbuli." Maganizo awiri onsewa amapha khama. Ngati vuto ndi mtima wa aphunzitsi, kulimbikira n'kwachabe. Ngati vuto ndi mutu umene adabadwa nawo, kulimbikira n'kwachabenso.

Tsopano tiyeni naye kudimba. Tamupatsa kabedi ka nazale, mulifupi mwake mita imodzi kuti manja azifika pakati popanda kupondamo. Wagaula, waphwanya zibuma, wasakaniza manyowa owolerana bwino. Walemba timizere ndi chala, wafesa mbewu ya tomato, wakwirira pang'ono, waphimba ndi udzu wouma, n'kuyamba kuthirira m'mawa ndi madzulo. Pakutha pa sabata imodzi kapena kuposera pang'ono, bedilo limayankha. Amene adakwirira mozama apeza patalipatali kambande kamodzi. Amene adachedwa kuchotsa udzu apeza mbande zazitali, zoyezuka, zowonda ngati ulusi. Amene adatsata bwino apeza timizere tobiriwira. Palibe anganene kuti nthaka ili ndi tsankho. Nthaka siidziwa mwana wa a mfumu kapena mwana wamasiye, ndiponso siitukwana munthu. Bedi silinena kuti "ndiwe mbuli." Limangosonyeza kuti apa padakwiriridwa mozama, apa padachuluka madzi.

Ndikuuzeni za mtsikana wina wa Fomu 1, dzina ndisunga. Adali wofatsa, wosalankhulalankhula, ndipo nazale yake adaikonda kuposa anzake onse. Ankathirira nthawi yake, n'kubwereranso pa buleki kudzawonjeza, poweruka n'kuwonjezanso. Mbande zidamera zothithikana, zokongola. M'mawa wina adandipeza misozi ili m'maso, akuti wina wamuthira mankhwala pa bedi lake chifukwa cha nsanje. Tidapita limodzi. Mbandezo zidali zitagona pansi mbali imodzi yonse, masamba akadali obiriwira. Ndidamuuza kuti azule imodzi aione pafupi. Adaizula, naiika pachikhatho. Pamene tsinde limakumana ndi dothi padali potsinika, pakuda, ponyowa, moti kungokhudza padaduka. Ndidamufunsa, "Ukuona chiyani?" Iye adati, "Yawolera m'munsi." Ndidati, "Pisa chala m'dothimo." Chala chidatuluka ndi matope. Adakhala chete kanthawi, kenaka adanena yekha, "Ndimathirira kwambiri eti, aphunzitsi?" Amenewo ndi matenda odziwika a pa nazale: tizilombo ta m'nthaka timene timakondwa pamene madzi achuluka, mbande zathithikana ndipo mphepo siikudutsa. Mtsikanayo adafika ndi mlandu wa nsanje umene sakadatha kuchitapo kanthu, ndipo adachoka ndi vuto la madzi, limene lidali m'manja mwake kulikonza.

Makolo anzanga, apa ndi pamene pali phata. Mwana amapirira akadziwa kuti chimene chalakwika chili ndi dzina ndipo chingakonzedwe. Akangokhulupirira kuti cholakwikacho ndi iye mwini, mtima umafa. M'kalasi ya ukalipentala n'chimodzimodzi. Mwana akacheka mwendo umodzi wa mpando mopereweza, mpandowo ugwedera pamaso pa aliyense, ndipo mwini wake adziwa kuti mawa ayeze kawiri asanagwire sowo. Wosoka akapotoza msoko, nsalu ichita makwinya, ndipo aphwasula ulusiwo n'kusokanso.

Izi zandifikitsa pa mfundo yachiwiri: ntchito ya manja imamulola mwana kuyambiranso.

Onani mmene tidakonzera sukulu zathu. Mayeso a MANEB amabwera kamodzi pa chaka. Mwana wa Sitandade 8 akalephera, adikira chaka chathunthu. Wa Fomu 4 akalephera MSCE, afunika chaka china, fizi ina, ndi kupirira manyazi okhala m'kalasi ndi ang'ono ake. Sindikunyoza mayeso, ali ndi ntchito yake. Koma mwana amene kulephera konse kumene akukudziwa ndi kwa mtundu umenewu amakula akuganiza kuti kugwa kumodzi ndiko kutha kwa zonse. Ndiye n'zodabwitsa kodi kuti amaopa ngakhale kuyesa?

Kudimba kulephera n'kotchipa. Mtsikana uja sadadikire chaka. Tsiku lomwelo adakonza bedi lina pamalo ena, lokwera pang'ono kuti madzi asamadikhe, nafesa motalikitsa. Patatha pafupifupi mwezi adali kuwokera mbande zake madzulo, dzuwa litapepa, monga timachitira. Repu, mpiru ndi tchainizi ndiye zimafulumira koposa: m'teremu imodzi mwana angathe kufesa, kulephera, kufesanso, n'kudya ndiwo zake. Makolo athu adati dzedzeredzedzere salingana n'kugweratu. Mwambiwu ana amauloweza m'phunziro la Chichewa ndipo amaukhoza pa mayeso. Koma amene wadzedzereka pa nazale n'kudzakolola pambuyo pake amaudziwa ndi thupi lake, ndipo palibe angamulande.

Amene mudafikako ku Blantyre mukuchidziwa tchalitchi cha St Michael and All Angels pa mishoni paja. Chidamangidwa kuyambira mu 1888 mpaka mu 1891. Mbusa amene adatsogolera ntchitoyo, David Clement Scott, sadaphunzirepo za mapulani a nyumba, ndipo anthu a kuno amene adagwira ntchitoyo adali asanamangepo chinyumba cha mtundu umenewo. Njerwa adaumba ndi kuotcha pomwepo. Mbiri imatiuza kuti mbali zovuta ankayamba aziyala ndi njerwa zouma, popanda matope, kuti aone ngati zikukhala. Zikakanika ankaphwasula n'kuyalanso. Zaka zoposa 130 zadutsa ndipo anthu akupempherabe m'menemo. Anthu amenewo adadzipatsa mpata wolakwitsa pamene kulakwitsa kudali kotchipa, ndipo mpata womwewo ndi umene kalasi ya ntchito za manja imapereka kwa mwana.

Pali dzina lina limene ana inu mukulidziwa, William Kamkwamba wa m'mudzi wa Masitala, ku Wimbe m'boma la Kasungu. Njala ya mu 2001 ndi 2002 itavuta, makolo ake adasowa fizi ndipo adasiya sukulu ya sekondale. Mu laibulale yaing'ono ya kwawoko adapeza buku la Chingerezi lotchedwa Using Energy, ndipo zithunzi za m'bukumo zidamupatsa nzeru yopukusa magetsi ndi mphepo. Ali ndi zaka 14 adaimika nsanja ya mitengo ya bulugamu, natolera zitsulo zotayidwa, chikupizo cha thirakitala, mapaipi a pulasitiki, njinga yakutha ndi dayinamo, pamene anthu ankamunena kuti wayamba misala. Babu lidayaka. Mu 2007 adakayankhula pa msonkhano wa TED ku Arusha m'dziko la Tanzania, mu 2014 adamaliza maphunziro ku Dartmouth College ku America, ndipo mu 2019 mbiri yake idatuluka pa kanema. Timakonda kuiwombera m'manja nkhani imeneyi, ndipo m'poyenera. Koma ine ikandifika imandisiyira funso lowawa. Mnyamata ameneyu adapeza nthawi yogwira zitsulo, kulakwitsa ndi kukonza pamene adali kunja kwa kalasi. Nanga ndi angati a mtima ngati wake amene ali m'makalasi mwathu lero, fizi yolipiridwa, yunifolomu yochapa, koma manja ali pa desiki kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4, osapatsidwapo kanthu koti apange?

Mfundo yachitatu: dimba limaphunzitsa kudikira, ndi kulandira zovuta zimene sudaziputa.

Za kudikira sinditalikitsa, chifukwa alimi muli pano mukuzidziwa kuposa ine. Manyowa a Mbeya, aja timasakaniza madeya, ndowe, phulusa, feteleza pang'ono ndi madzi, amafuna masiku 21 ali m'thumba lomanga bwino. Ukamasula msanga chifukwa cha phuma, waononga. Tomato ukamuwokera, pamapita miyezi iwiri kapena itatu usanathyole woyamba, ndipo masiku onsewo akufuna madzi, kupalira, kuzika timitengo tomangirira, kuthena mphukira. Loweruka dzuwa silipuma. Mwana wa pa ntchito yothirira akajomba masiku awiri m'mwezi wa Okutobala, Lolemba anzake a m'gulu apeza bedi lafota, ndipo amufunsa ndi anzakewo, osati mphunzitsi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mwana wa lero ali ndi foni m'manja imene imamuyankha nthawi yomweyo akangoidina, ndipo n'chifukwa chake akusowekera malo amodzi pa sabata pamene chinthu chimakana kufulumira ngakhale atachikakamiza bwanji.

Koma ndikufuna ndikhazikike pa mbali inayi. Nthawi zina mwana amachita zonse molondola, zinthu n'kuonongekabe. Mbuzi za m'mudzi zathyola mpanda Lamlungu. Wakuba wabwera usiku n'kuthyola tomato yense woyamba kupsa. Matalala agwa. Chimanga cha m'munda wa sukulu chadyedwa pa mtima ndi ntchemberezandonda, mbozi zija zidatipeza chakumayambiriro kwa 2017 ndipo sizidachokenso. Apa mwana amafunsa funso limene mlimi aliyense adafunsapo: "Ndiye ndimavutikiranji?"

Ine ndimati tsiku limeneli ndilo lofunika kuposa masiku onse a phunziroli, ndipo mphunzitsi wanzeru salitaya. Sakalipa, ndiponso sangoti "pepani ana inu" n'kubwerera m'kalasi. Amawakhazika pansi pomwepo pamene paonongekapo, n'kuyamba kuwerenga nawo. Chatsala n'chiyani? Mitengo iyi yadyedwa masamba okha, iphukanso. Iyi yazulidwa, tibzala ina. Mbuzi zidalowera pati? Apa, pamene mpanda tidaumanga ndi mapesi okha. Ndani kwawo kuli nsungwi? Mbozi tizitola ndi manja m'mawa zisanabisale, ndipo tiziyendera munda kawiri pa sabata kuti tizizipeza zikadali zazing'ono. Ana amene adutsa pamenepa aphunzira kusiyanitsa zinthu ziwiri: chimene chidali m'manja mwawo ndi chimene sichidali m'manja mwawo. Choyambacho amachikonza. Chachiwiricho amachidandaula pang'ono, n'kufunsa kuti tsopano titani.

Dziko limene tikuwasiyira ana awa likufuna luso limeneli. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola minda, nyumba ndi miyoyo ya abale athu ku Blantyre, Mulanje, Phalombe, Chiradzulu, Chikwawa ndi Nsanje. Chaka chotsatira, mu 2024, kudabwera ng'amba mpaka boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Madzi a Freddy ataphwa, mudaona amene adayamba kudzuka: anthu amene adatsikira kumadambo ndi makheni, nabzala chimanga cha m'dimba, mbatata ndi ndiwo zamasamba pa chinyontho chotsalira. Sindikufuna mwana wanga adzayambe kuphunzira kudzuka pa tsiku la chigumula. Ndikufuna ayambe pa kabedi ka mita imodzi, pamene chotayika ndi kapaketi ka mbewu.

Ndionjezepo chenjezo limodzi kuti ndisakulonjezeni zopitirira. Sindikunena kuti aliyense wothirira dimba adzakhoza masamu. Mwana angathe kukhala wakhama kudimba n'kukhalabe wamantha pa bolodi. Mlatho wa pakati pa ziwirizi amamanga ndi mphunzitsi. Mwana akatseka kope chifukwa samu yamukanika, mphunzitsi wa masamu amene amadziwa zochitika kudimba angamufunse, "Paja nazale yako itafa udatani?" Mwanayo ayankha kuti adazula mbande imodzi n'kuona pamene idawolera. "Chabwino, tiye tibwerere mzere ndi mzere tipeze pamene samuyi yawolera." N'chifukwa chake ndikupempha aphunzitsi a maphunziro ena kuti muzifikako kudimba, musamalione ngati la mphunzitsi wa ulimi yekha.

Tsopano mfundo yachinayi, ndipo mundikhululukire ngati mawu ena akhale olasa. Phunziro labwino chotereli timaliononga tokha, ndipo timaliononga m'njira zitatu.

Njira yoyamba ndi chibalo. Mwana wachedwa, timamupatsa khasu. Wasokosa m'kalasi, akakumbe dzenje. Sadalembe ntchito, akazule chitsa, akatchetche bwalo la mpira. Ndiye Lachitatu masana mphunzitsi wa ulimi akubwera ndi khasu lomwelo n'kunena kuti, "Tiyeni ana inu tikaphunzire." Mwanayo amve ziti? Kwa zaka zambiri tamuphunzitsa kuti khasu ndi malipiro a wolakwa, ndipo amene ali bwino ndi amene watsala m'kalasi malaya ali oyera. Kenaka timadabwa kuti akamaliza Fomu 4 amakhala pa sitolo tsiku lonse, munda wa bambo ake uli thengo. Ndikupempha komiti ya makolo ndi aphunzitsi, komanso aphunzitsi anzanga: mwambo pa sukulu ukhalepo, koma pezani chilango china. Khasu lichotseni pa mndandanda wa zilango. Ndibwereze: khasu lichotseni pa mndandanda wa zilango.

Nkhani imeneyi ili ndi mizu yakale. Agogo athu a kumapiri a Shire adadziwa thangata, kugwira ntchito m'minda ya atsamunda mokakamizidwa ngati lendi ya malo amene adali awo omwe. Mbusa John Chilembwe adadana ndi nkhanza zimenezi mpaka kuukira mu 1915. Koma taonani, mishoni imene munthu yemweyu adayambitsa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900 adaitcha Providence Industrial Mission. Kumeneko anthu ankaphunzira kuwerenga pamodzi ndi ntchito za manja, amayi ankaphunzira kusoka, ndipo akhristu ake adaumba njerwa n'kumanga tchalitchi chawo chachikulu. Chilembwe sadadane ndi thukuta. Adadana ndi thukuta limene phindu lake limapita kwa wina. Ntchito yokakamiza imene mwini wake sadyapo kanthu imabala mkwiyo ndi ulesi wobisa. Ntchito imene munthu akuiona kuti ndi yake imabala khama.

Pamenepa ndalowa kale m'njira yachiwiri: zokolola. Ndidaonapo pa sukulu ina, siitchula, ana atalima dimba teremu yonse, tomato n'kupsa bwino, koma tsiku lokolola madengu adalowera kunyumba za aphunzitsi, ndipo ndalama za wogulitsidwayo palibe mwana adamva kumene zidapita. Teremu yotsatira ana omwewo ankathirira mabedi ngati akuwaza madzi pabwalo, pamwamba ponyowa, pansi pouma. Adaphunzira ndithu, koma chimene adaphunzira n'chakuti wolimbikira amadyeredwa. Kuthyola ndiwo n'kuwerama, inde, koma woweramayo azidyako.

Njira yachitatu ndi yophunzitsa ntchito ya manja pa bolodi. Mwana akujambula khasu m'kope, n'kulemba maina a mbali zake m'Chingerezi. Akuloweza kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75 ndipo mapando masentimita 25, mbewu imodzi pa phando, koma sadagwirepo chingwe n'kuyeza mzere ndi umodzi womwe. Mayeso akayandikira ndi pamene timathamanga kukabwereka zipangizo kuti azione. Ndikudziwa zifukwa zake: silabasi ndi yaitali, ana ndi ambiri, zipangizo kulibe, madzi ali kutali. Zifukwazi n'zoona, ndipo kalasi ya zitsulo kapena ya ukalipentala imafunadi ndalama zimene sukulu ngati ino ilibe. Koma dimba limafuna malo, makasu, makheni ochepa, mbewu ndi mpanda. Zimenezi mudzi uno ungazikwanitse.

Kwa inu makolo ndili ndi mawu apadera. Ena mwa inu mumati, "Ine ndidatumiza mwana kusukulu kuti athawe khasu, osati akalipezenso komweko." Mawu amenewa ndimawamva ndi ulemu, chifukwa amachokera mu mtima wa munthu amene khasu lamupweteka msana moyo wake wonse popanda kumulemeretsa. Koma kudimba la sukulu mwana sakungolima monga amalimira kunyumba. Akuyeza, akulemba tsiku lofesa ndi tsiku lomera, akuyerekeza bedi la manyowa ndi bedi lopanda manyowa, akuwerengera ndalama zolowa ndi zotuluka. Kaya adzakhala namwino, kaya dalaivala, kaya loya, adzakumana ndi ntchito imene idzamukanika ulendo woyamba. Ndiponso tisiye kunena kuti maluso a manja ndi a ana olephera. Kuyambira mu 1999 dziko lino lili ndi bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro a ntchito za manja, ndipo kuli makoleji monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Ena mwa amene amamanga nyumba zathu, kulumikiza magetsi ndi kukonza mijigo amachokera kumeneko. Mwana wanu akabwera kunyumba yunifolomu ili ndi dothi, musayambe ndi kukalipa. Yambani mwamufunsa kuti mbande zake zili bwanji.

Ndisanakhale pansi, pali chinthu chimodzi chimene sindifuna kuti wina achimve molakwika. Kupirira kumene ndikunenaku si kuzunza ana. Mwana amene wachoka kunyumba osadya kanthu, wayenda mtunda wautali, ndiye n'kumuimika padzuwa la masana ndi khasu, sakuphunzira kulimba mtima, akungovutika. Vuto limene limamanga mwana ndi la msinkhu wake, limene angathe kuligonjetsa akalimbikira, pali munthu wamkulu pafupi womufunsa mafunso abwino. Choncho ntchito ya kudimba izichitika m'mawa kapena dzuwa litapepa. Mabedi akhale aang'ono. Atsikana asasanduke otunga madzi okha pamene anyamata akuyeza ndi kulemba, onse azigwira zonse. Mwana wolumala apatsidwe mbali imene angathe, kaya kufesa m'machubu, kaya kusunga kaundula, ndipo bedi la gulu lake likhale lakenso. Komanso tisagwiritse ntchito mawu akuti "pirirani" pobisa udindo wathu. Ngati ana alibe mabuku, alibe madesiki, alibe chimbudzi chabwino, amenewo ndi mavuto oti ife akuluakulu tiwathetse.

Tsono ndikusiyirani mapempho, ndipo ndikufuna mayankho ake tisanabalalike. Kwa a Gulupu ndi mafumu: tikupempha malo kufupi ndi mjigo, ndi lamulo la m'mudzi lokhudza mbuzi zoyenda zokha m'chilimwe. Kwa makolo: banja lililonse libweretse nsungwi kapena mtolo wa udzu wa mpanda, ndipo amene muli ndi khola mutipatseko ndowe. Amisiri amene muli pakati pathu, akalipentala, atelala, okhoma zidebe, tipatseniko masana amodzi pa teremu kuti ana aone mmene mumakonzera chinthu chikalakwika. Kwa a Mphunzitsi Wamkulu: mapiriyodi a kudimba alembedwe pa ndandanda ndipo asabwerekedwe ndi phunziro lina mayeso akayandikira. Kwa komiti: gulu lililonse la ana likhale ndi bedi lake lolembedwa maina, theka la zokolola azigawana okha, theka ligulitsidwe kuti tigulire mbewu ndi zipangizo, ndipo kaundula wa ndalamazo azisunga ana awiri osankhidwa ndi anzawo, n'kumawerengedwa poyera pa asembule kumapeto a teremu. Ndipo kwa inu ana athu kumbuyoko: Lolemba likubwerali aliyense abwere ndi kope limodzi latsopano la kudimba. Tsamba loyamba mudzalembe tsiku lofesa. Tsamba lachiwiri mulisiye lopanda kanthu, ndi loti mudzalembepo chimene chalakwika ndi chimene mwachita pochikonza.

A Wapampando wa komiti, ndabweza mpando kwa inu kuti tiyambe ndi nkhani ya malo.